Impso ya Goliati

A Makina anakana kukhala pamphasa imene Rozaria anawayalira. Anaima pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo, nanena kuti akuchimuna samusudzula mpaka aonetse ndalama. Panali patangopita masiku ochepa chiikire m'manda mng'ono wawo Goliati, mwamuna wa Rozaria.

Nkhani inayambira posambitsa maliro. Osambitsawo anaona chipsera chachitali m'nthiti mwa malemu, ndipo pofika kumanda, dera lonse la Nazombe linali litamva kuti Goliati akupita ndi impso imodzi. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa: ena anati inagulitsidwa ku Joni, ena anati mkazi wake ndiye anakhwimira.

Zoona zake Rozaria anali atazinena mpaka mawu kusasa. Zaka zapitazo Goliati anapita ku India kukapereka impso kwa Howard wa ku Blantyre, m'bale wake wa bambo mmodzi koma mimba zosiyana. Kumudzi anangoti akukagwira ganyu ku Mozambique, ndipo atabwerako analetsa mkazi wake kuuza munthu. Chaka chino miyendo inayamba kutupa, kuchipatala n'kunena kuti impso yotsalayo yatopa.

Koma kwa a Makina, m'bale ndi wa bere limodzi. Mwana wa mkazi wina wa bambo ndi mlendo chabe, ndipo mlendo sapatsidwa nyama ya thupi lako ulere.

"Alamu, nkhuku yomwe timagulitsa, nanji impso? Ndalama munaika kuti?"

Rozaria anawada a Makina tsiku limenelo, munthu amene pa matenda onse aja sanabwere ndi nthochi n'imodzi yomwe. Koma popanda kusudzulidwa akanakhalabe womangika, wosaloledwa kukhudza ngakhale khasu la mwamuna wake, ndi dzina la ufiti pamwamba.

Masana galimoto loyera linaima pamsewu, ndipo anatsika Howard. Anali wonenepa, khungu losalala, moti Rozaria zinamuwawa kumuona. Howard anagwada, napepesa maliro. Anafotokoza kuti anayesa kangapo kupereka ndalama, koma Goliati ankakana, ati iye si mbuzi ya pamsika wa Chiringa. Kenaka anatulutsa envulopu yonenepa, nati ndi ya ana.

Dzanja la a Makina ndilo linayamba kufika.

"Mukatenga imeneyo, alamu, ndiye kuti wamugulitsa ndinu," anatero Rozaria.

"Uyu akuyenda, wathu wagona," anayankha a Makina osakweza mawu. "Madokotala analipidwa, ndege inalipidwa. Wosalipidwa ndi mwini impso yekha. Anawa adzadya ulemu?"

Mawu omwewo Rozaria anali atawaganiza yekha kuchipatala, akupukuta miyendo yotupa ija. A Makina anaponya envulopu m'thumba la jekete, nati adzasungira ana, ndipo kusudzula kuchitika Loweruka. Aliyense pabwalopo ankadziwa kasungidwe ka a Makina. Komabe mtima wa Rozaria unapepuka, ndipo anachita manyazi kwambiri kuti wapepuka.

Rozaria anaperekeza mlendo kugalimoto. Howard anatsegula kumbuyo, natulutsa thumba lopanda kanthu, lopindidwa bwino, lokhala ndi zigamba ziwiri. Rozaria anazindikira kuti zigambazo anasoka ndi iye mwini.

"Chaka chilichonse achimwene akakolola ankanditumizira nandolo pa minibasi," anatero Howard. "Amati impso yawo inazolowera nandolo wa kwawo, zam'tauni singazithe. Koma thumba lokha amati ndizibweza."

Zaka zonsezi Rozaria ankatukwana akuba osadziwika chifukwa cha nandolo wosowa m'nyumba, Goliati ali phee pakhonde, nthawi zina n'kumathandiza kutukwanako.

Analandira thumbalo, nauza Howard kuti adikire. Nandolo wa chaka chino anali wochepa, popeza wolima anali chigonere. Anathira mpaka pakati, namanga ndi luzi, nasenza yekha kudutsa pamaso pa a Makina, n'kukaika m'galimoto.