Mapemphelo Awili a Tiwonge

Eneless Mwanza atabwela kuchokela ku maphunzilo a akatekisiti ku Petauke, anapatsidwa ana khumi ndi asanu a pa tchalitchi chaching'ono cha ku Mwape kuti awakonzekeletse kulandila Ukalistia woyamba. Iye anali mlimi wa thonje, mai wa ana anayi. Milungu itatu ya ku Petauke inamuphunzitsa kukonza phunzilo ndi kufotokoza masakalamenti m'mau oti mwana amve. Koma palibe anamuuza chochita ndi mwana wokana kutsegula pakamwa.

Loweluka lililonse ana ankakhala pa mabenchi a njelwa n'kumabweleza mapemphelo mofuula. Tiwonge yekha, mtsikana wa zaka khumi, ankangoti duu. Akafunsidwa ankayang'ana zala zakumapazi. Tsono bambo Fredrick, wansembe wa ku palishi, anatumiza uthenga woti abwela pakatha mwezi kudzayesa anawo.

Lachitatu m'mawa Eneless anasiya khasu napita kwa Tiwonge. Anampeza pakhonde akudyetsa phala agogo ake aamuna, a Joaquim, amene anathawa nkhondo ku Mozambique kalekale n'kukhazikika konkuno. Chaka chatha anafa ziwalo mbali imodzi. Chinsenga ndi Chinyanja zonse zinawathawa pakamwa. Anangotsala ndi mapemphelo a Chipwitikizi a ubwana wao.

Phala litatha, nkhalambayo inayamba pemphelo la Atate Athu. Inkati ikakakamila, Tiwonge ankaiponyela liu lotsatila, iyo n'kupitiliza. Anafika kumapeto ali limodzi. Eneless anadikila mpaka atamaliza, kenaka anakhala pamphasa.

"Iwe mwana, mapemphelo uwadziwa chonchi! Nanga kutchalitchi umakhalilanji chete?"

Tiwonge anapukuta supuni ndi chitenje. "Ndimaopa, amai. Ndikaloweza a Chinyanja, awa ndidzaiwala. Ndiye agogo azilankhula ndi ndani? Amama sawadziwa."

Eneless anasendela pafupi ndi mwanayo.

"Mvela, Tiwonge. Mutu si lichelo loti ukathilamo chimanga, nshawa zitayike. Koma tichite tele: iwe undiphunzitse a agogo, ine ndikuphunzitse a Chinyanja. Ukaiwala liu, udzalipeza kwa ine."

"Mungakwanitse, amai?"

"Kaya. Tiyese."

Lilime la Eneless linali louma ngati chikumba. Tsiku loyambalo anapotoza mau mpaka a Joaquim anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, mapewa akugwedezeka. Amake Tiwonge, a Jessy, amene ankafika kumene kuchokela kudimba, anatula mtolo wa ndiwo n'kungoima. Anati chidwalileni bambo ao anali asanasekepo.

Kuyambila apo Eneless ankapita Lachitatu lililonse. Mzele umodzi wa Chipwitikizi, mzele umodzi wa Chinyanja. Thonje lake linachedwa kupalilidwa, mwamuna wake anadandaula kawili, kachitatu anangotenga khasu n'kukapalila yekha.

Tsiku la mayeso Tiwonge anaima pamaso pa bambo Fredrick, manja atapinda. Anayamba bwinobwino m'Chinyanja, koma pakati mantha anamugwila, ndipo osazindikila analowa m'Chipwitikizi. Ana anzake anayamba kukodolana. Eneless anafuna kufotokoza, koma wansembeyo anakweza dzanja kuti mwanayo amalize.

"Anakuphunzitsa ndani pemphelo limeneli?"

"Agogo. Sayenda, abambo."

"Analandila liti Ukalistia komaliza?"

Palibe anadziwa. Eneless anachita manyazi kuti iyenso funso limeneli linali lisanamufikile m'mutu.

Lamulungu la Ukalistia woyamba, Misa itatha ndipo makolo akuyala mphasa za chakudya, bambo Fredrick anatenga kachikwama kao nauza Eneless kuti awatsogolele kwa a Joaquim. Tiwonge anali patsogolo m'delesi loyela lobweleka, nsapato zili m'manja. A Joaquim anawapeza atavekedwa jekete, tsitsi litapesedwa. Analandila Ukalistia movutikila, ndipo madzi amene anawapatsa kuti ameze anatsikila pachibwano. Tiwonge anawapukuta msanga ndi mkono wa delesi.

"Iwe! Delesi la eni ake!" anatelo a Jessy.

"Mlekeni," anatelo Eneless. "Ndikachapa ndine mawa."