Utawaleza wa Palibe

Ana asukulu sachedwa kupatsa munthu dzina. Aphunzitsi a sayansi anawatcha Mayi Asidi, chifukwa lilime lawo linkawotcha. Mnyamata wina wamtali, wokhala pafupi ndi zenera, anamutcha Palibe, ndipo dzinali linabadwira m'kalasi mwa Mayi Asidi momwemo.

Tsikulo ankaphunzira za asidi. Chipinda cha sayansi chinali dzina chabe: tebulo lalitali lopserera m'mbali, mpopi wosatulutsa madzi, ndi kabati yokiya momwe munali timabotolo tagalasi. Mayi Asidi anatulutsamo kabotolo ka mankhwala obiriwira oyezera asidi, kamene sankalola aliyense kukakhudza iwo asanaloleze. Mwana aliyense ankadontheza mankhwalawo m'kapu ya madzi, kenako m'kapu ya viniga, n'kunena zomwe waona. M'madzi ankakhalabe obiriwira, mu viniga ankafiira. Ngakhale khanda likanaona.

"Waona chiyani?" anamufunsa mnyamata uja itafika nthawi yake.

Iye anayang'anitsitsa makapu awiriwo. "Palibe chasintha, Madamu."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mayi Asidi anadonthezanso, mtima ukuwawa poona mankhwala awo akutha. "Nanga apa?"

"Palibe, Madamu. Mwina kuderako pang'ono."

Anamutulutsa panja. Sabata yotsatira anayesa ndi madzi a ndimu, yankho n'kukhala lomwelo, ana n'kusekanso mpaka kugubuduza mipando. Nkhani inafika kwa ahedi, ndipo kumeneko inapeza inzake: aphunzitsi a jogalafe anali atadandaula kale kuti mnyamata yemweyo anapaka nkhalango yonse pamapu ndi choko chofiira. Ahedi sanafune zambiri. Anati umenewu ndi mwano, Lachisanu abwere ndi kholo lake, nthabwala zakezo akachitire kwawo. Aliyense pasukulupo ankadziwa kuti mwana wotuluka mwanjira imeneyi sabwereranso.

Lachinayi m'mawa kunali phunziro la kuwala, lomwe Mayi Asidi ankalikonda kuposa onse, ngakhale sakanavomera mutawafunsa. Anatseka mazenera ndi makatoni, n'kusiya kabowo kamodzi. Pomwe dzuwa linkagwera anaikapo beseni la madzi, m'madzimo n'kupendeketsa kalilole wawo wa m'chikwama. Anasuntha beseni pang'onopang'ono, akudzilankhulira okha, mpaka pakhoma loyera panaoneka utawaleza, ukunjenjemera. Ngakhale olongolola akumbuyo anatseka pakamwa.

"Kuwala kumayenda ngati mafunde," anatero Mayi Asidi. "Ena ndi ataliatali, ena ndi aafupi. Diso likalandira ataliatali limati kufiira, likalandira aafupi limati buluu. Onsewa anali m'dzuwa momwemo, madziwa angowasiyanitsa basi."

Anapatsa choko mtsikana wina wakutsogolo kuti alembe mzere paliponse pomwe mtundu wina ukuthera ndi wina kuyambira. Mtsikanayo analemba mizere yambirimbiri, anzake akumukuwiza kuti wadumpha pena. Atafufuta, maso a Mayi Asidi anagwera pa Palibe, yemwe anali atangoti zyoli pampando wake.

"Iwe, poti mawa ukutisiya, bwera utiseketseko komaliza."

Mnyamatayo anadzuka n'kulandira choko. Anaima pakhomapo nthawi yaitali, mphuno pafupifupi kugunda khoma. Kenako analemba mzere umodzi wokha, chapakati.

"Uku n'kwachikasu, Madamu. Uku n'kwabuluu."

Phwete linayambanso. Koma ulendo uno Mayi Asidi anali ataima pafupi naye, ndipo anaona zomwe sanazione kale lonse. Wochita nthabwala amacheuka kuti aone ngati anzake akuseka. Uyu ankangoyang'ana khoma, akufunafuna chomwe anzake onse akuchiona, misozi ili lengelenge.

"Chete!" anakuwa, ndipo kalasi inazizira. Anatola choko chofiira ndi chobiriwira n'kuziika m'dzanja lawo. "Ndipatse chofiira."

Mnyamatayo sanayang'ane choko. Anayang'ana nkhope yawo, akusuntha chala uku ndi uku, kudikira kuti nkhopeyo imuuze poti agwire. Zikuoneka kuti ndi mmene ankachitira moyo wake wonse. Manyazi anawagwira Mayi Asidi.

Lachisanu mayi a mnyamatayo anafika ku ofesi ya ahedi atakwiya kale. Anali telala, ndipo tepi yoyezera inali idakali m'khosi, tiulusi titamatirira pasiketi.

"Musavutike kundifotokozera, ahedi," anatero asanakhale n'komwe. "Mwanayu ndi kunyumba komwe n'chimodzimodzi. Ndikamutuma ulusi wofiira, amabwera ndi wobiriwira. Ndamukalipira, ndamukwapula, dzanja langa latopa. Ngati sukulu yamukana, azikanyamula katundu kumsika."

"Mayi, tisanamalize nkhaniyi, tiyeni mukaone kanthu kena," anatero Mayi Asidi. "Inunso ahedi, chonde."

M'chipinda cha sayansi muja makatoni anali akadali m'mazenera. Anaikanso beseni, utawaleza n'kubwerera pakhoma. Anapempha telala uja kuti atchule mitundu yomwe akuona, ndipo iye anaitchula yonse mosajejema, monga munthu wodziwa nsalu. Kenako mwana wake analembanso mzere wake umodzi uja.

"Sakunama," anatero Mayi Asidi. "M'diso muli tizinthu tolandira mafunde a kuwala. Mwa anthu ena, tolandira kufiira ndi tolandira kubiriwira sitisiyanitsa bwino. Amabadwa choncho, si mwano, ndipo mutu wake ulibe vuto. Nthawi zambiri mwana wamwamuna amatengera kuchimayi. Kodi bambo anu okuberekani analibe vuto ndi mitundu?"

Telala uja anakhala pansi pabenchi mwadzidzidzi.

"Abambo," anatero chapansipansi. "Ankati akatumidwa matimati, amabwera ndi aawisi okhaokha. Amayi ankati amachitira dala kuti asamatumidwe. Zaka zonse zija akukangana nkhani ya matimati!" Anayamba kuseka, koma kusekako sikunafike patali. Anagwira mwana wake padzanja, dzanja lomwelo lomwe ankalikwapula. "Nanga iwe, bwanji sunkanena?"

"Ndinkanena zomwe ndikuona, amayi."

Mayiyo analira, osabisa. Ahedi anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ana mpopi wouma uja ngati akuuona koyamba. Patapita kanthawi anati za kuchotsedwa sukulu zatha, koma nanga mwanayu sayansi aiphunzira bwanji, poti zonse n'zamitundumitundu?

"Asidi sadziwika ndi mtundu wokha," anayankha Mayi Asidi. "Zimenezo mundisiyire ine."

Lolemba anaika makapu awiri patebulo lopserera lija, onse ooneka ngati madzi. Kabotolo kobiriwira anakasiya m'kabati. M'malo mwake anabwera ndi kapaketi ka soda wophikira.

"Ndisanayambe," anatero, "mnyamata uyu ndinamulakwira, ndipo inu nonse munandithandiza kumulakwira. Amene aseke lero aona chomwe chinandipatsa dzina lija mumandinena nalo kumbali." Ana anayang'anana, ena akubisa nkhope m'makope. "Kapu imodzi muli madzi, ina muli viniga. Soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya. Bwera, utiuze."

Palibe anatsina soda n'kuthira m'kapu yoyamba. Ufawo unangomira phee. Anatsinanso n'kuthira m'kapu yachiwiri. Nthawi yomweyo munayamba kuwira, thovu likukwera ndi kaphokoso kake, mpaka kusefukira patebulo n'kumunyowetsa zala. Sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Ankangoyang'ana kapuyo.

"Waona chiyani?" anafunsa Mayi Asidi.

"Chasintha, Madamu."

"Kweza mawu, akumbuyo sanamve."

Mnyamatayo anatembenuka, thovu likudontha m'zala zake, n'kuyang'ana kalasi yonse.

"Ndati chasintha!"