Ng'oma ya maliro a ToKadir

Asilikali a ku Japan atalanda tauni ya Rabaul, anthu a m'mudzi mwa IaVarpin anathawira kuphanga la m'phiri. Anasiya miphika ndi nkhumba, koma garamut, ng'oma yosema pachipika, ananyamula. Anthu athu ndi otero.

IaVarpin anali mkazi woyamba m'derali kuphunzira unamwino kwa masisitere. Phangalo analisandutsa chipatala: mabala ankatsuka ndi madzi a kokonati, mabandeji ankang'amba zovala zake. Moto wamasana analetsa, ana olira ankawatseka pakamwa, chifukwa asilikali ankasaka m'munsimo.

Chimene chinkamuzunguza mutu chinali malungo a malume ake, ToKadir. Munthu wamkulu akamwalira, garamut imalira dzina lake kuti mzimu usasochere, ndipo imamveka mpaka kunyanja. Mantha ake anali pamenepo.

ToKadir anatsirizika m'mawa wina. IaVarpin anawafunditsa bwinobwino, nawatengera phala ngati kale, misozi akumeza. Koma ntchentche sizisunga chinsinsi.

"Asuweni," anatero ToLiman, mwana wa malemuwo, ndodo yoimbira ili m'manja, "masisitere aja anakuphunzitsaninso kudyetsa maliro?"

"Ika ndodoyo pansi, ToLiman."

"Bambo anga apite chetechete ngati galu?"

"Ndi malume anga omwe! Koma tayang'ana muno. Ukangoimenya kamodzi, onse agonawa adzawaimbira ndani?"

ToLiman anayang'ana odwalawo mmodzimmodzi, mayi wopsa miyendo, makanda, mkulu wosaona. Analavula pansi.

"Pakamwa ngati mpeni. Nchifukwa chake sunakwatiwe."

Anamanga ng'omayo ndi chingwe, naibereka, natsika phiri akupepesuka. IaVarpin anamuitana motsitsa mawu, koma kukuwa sakanatha, poti lamulo loletsa kukuwa anaika yekha.

Dzuwa litapendeka, akutsuka bala la kamtsikana kena, IaVarpin anaimva ng'omayo. Inkalira kutali, kumudzi wawo wosiyidwa uja, mbali ina ndithu ndi phanga. Asilikali amene ankamveka m'munsi mwa phiri anatembenukira komweko. M'phanga monse milomo ya anthu inkatsatira dzina la ToKadir.

Dzinalo linamveka lonse, lomveka bwino. ToLiman analiyambanso kachiwiri. Mfuti inalira, ng'oma n'kudukira pakati.

"Anamwino, mukundipweteka," anatero kamtsikana kaja.

IaVarpin anamasula dzanja lake limene linkafinya balalo. Apa mpomwe anazindikira kuti panalibenso womuimbira ng'oma ToLiman.