Manda a Yunesi

Tobias ankanyamula matumba pa depoti ina yogula soya ndi mtedza ku Katete, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kuchokera kumudzi kwawo cha ku Mkaika. Anali wolimba manja komanso wosalankhulalankhula. Koma kumudzi kukagwa maliro, njinga ankaisiya n'kutenga khasu, pakuti kumeneko mwamuna aliyense amakakumba nawo manda.

Tsiku lina Prisca, mayi woyang'anira za antchito, anamuitana mu ofesi n'kumutembenuzira kompyuta. Mabwana a ku Lusaka, omwe mwina amayesa kuti imfa imayamba yapempha chilolezo, anali atayamba kuyerekeza madepoti awo kuti aone komwe antchito amajomba kwambiri.

"A Tobias, mzere wofiirawu ndi ife a Katete," anatero Prisca. "Akuti pa kujomba tapitirira muyeso wa madepoti anzathu, ndipo wojomba kuposa onse pano ndinu. Nthawi ya makontilakiti ikafika, ayambira pa inu."

"Koma madamu, ine ndimakhala kumaliro, osati kumowa."

"Ndidziwa, nanenso ndine wa konkuno. Koma sisitemu imalola maliro a mkazi, mwana kapena kholo chabe. Enawo ni abisenti, kujomba basi."

Tobias anabwerera kwawo mtima uli wolemera. Mkazi wake Yunesi anamvetsera zonse uku akusenda mtedza, kenako anati, "Inu zipitani kuntchito, bambo a Dorcas. Kumaliro ndizipita ine, ndiziimira tonse awiri."

Ndipo ankapitadi. Ankatunga madzi, kuphika, kugona pasiwa ndi kuimba ndi amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi mpaka mawu kusasa. Koma mkazi sangakumbe manda m'malo mwa mwamuna wake, ndipo izi onse awiri ankazidziwa, kungoti palibe ankafuna kuzitchula. Njira ya ku Katete inkadutsa pambali pa manda, choncho Tobias anaphunzira kupalasa atazolika. Tsiku limene mnzake wa paubwana, Samuel, ankaika bambo ake, iye anadutsanso chimodzimodzi.

"Maliro n'kulirana, Tobias," anatero Samuel ali chiimire m'mphepete mwa msewu. Tobias anamva, koma sanaime.

Pakutha pa chaka mzere wa Katete unasanduka wobiriwira. Tobias anapatsidwa kontilakiti yatsopano ndi satifiketi ya wantchito wosajomba, ndipo anayamba kulangiza anzake kuti imfa za eni zisawachotsetse ntchito. Yunesi anaipachika satifiketiyo pakhoma, pamwamba pa wailesi, n'kumaipukuta fumbi monyadira.

Mvula itayamba, Yunesi anadandaula za mutu ndi kuzizidwa. Sabata isanathe anamwalira kuchipatala.

Amayi anabwera ochuluka, ena ochokera kumidzi yomwe Tobias sankaidziwa n'komwe, chifukwa panalibe khomo limene Yunesi sanalirepo. M'mawa amuna nawonso anapita kumanda ndi makasu awo. Atafika anawaika pansi n'kukhala pamthunzi. Mwamuna woferedwa sayenera kugwira khasu, malo ake ndi pakhonde kulandira opepesa, koma Tobias anaitanidwa kumandako. Samuel anayeza malo ndi bango, analemba mzere pansi, n'kumupatsa khasu.

"Tabwera chifukwa Yunesi ndi wathu," anatero motsitsa mawu. "Koma yamba ndiwe."

Palibe anamunyoza kapena kumukumbutsa za kale, ndipo kukhala chete kwawoko kunamupweteka kuposa chipongwe. Tobias anakumba. Dothi linali lonyowa, lomata kukhasu, ndipo pamene ankalitaya ankamva amayi akuimba kumudzi nyimbo zomwe mkazi wake ankayambitsa. Nthawi ndi nthawi ankadzutsa mutu kuyang'ana kumsewu, kuti mwina anzake a kudepoti atulukira. Sanabwere. Phunziro lake analimva bwino, moti anangotumiza uthenga wopepesa pafoni.

Dzenje litafika m'mawondo, manja amene ankanyamula matumba tsiku lonse osatopa analefuka. Tobias anakhala pansi m'manda a mkazi wakemo nalira ngati mwana. Samuel anadumphiramo n'kumulanda khasu, nayenso misozi ili chuchuchu, ndipo amuna ena aja anadzuka mmodzimmodzi.

Masiku a maliro atatha, Tobias anabwerera kudepoti. Prisca anamugwira dzanja ndi manja awiri, maso ake ali ofiira, ndipo anafunafuna mawu oti amutonthoze nawo. Anapeza okhawo amene ntchito yake inamuphunzitsa.

"Pepani kwambiri, a Tobias. Koma za masiku awa musade nazo nkhawa. Poti anali akazi anu, sisitemu siwerenga. Mbiri yanu ikadali yoyera."

Tobias anathokoza mwaulemu, monga analeredwera. Kenako anapita kukasenza thumba loyamba.