Sanzhar Satembenukira Kumanja

Kuanysh anali atasewera hoke ya pa ayezi, masewero okankha kampira ndi ndodo, mu timu ya mumzinda wa Oskemen kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo anali wotchinga kumbuyo. Ntchito yake inali kuima pakati pa adani ndi golo, kutchinga ndi miyendo kampira kolimba ngati mwala kaja, ndi kukankhira anthu kumpanda wa bwalo. Tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Mawondo ankadandaula akamakwera masitepe, koma mutu unali ukugwirabe bwino.

Mu Okutobala, chisanu chitangoyamba kuluma, mphunzitsi wa timuyo, a Vadim Arkadyevich, anamuitanira mu ofesi.

"Tinayamba nyengo ino ndi otchinga kumbuyo asanu ndi awiri," anatero mphunzitsiyo. "Mmodzi atilanda a ku Astana, wina wathyoka phazi. Tatsala ndi asanu, pomwe pamasewero pamafunika asanu ndi mmodzi, awiriawiri. Ndiye ndakweza mwana wa ku timu ya achinyamata, Sanzhar. Azisewera ndi iwe."

"Ine sindine mlezi, a Vadim Arkadyevich."

"Kunyumba uli ndi ana awiri, ndipo onse ali moyo. Uyunso umutha."

Sanzhar anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamtali ngati mlongoti, wa ulemu wochititsa manyazi. Anapereka moni kwa Kuanysh ndi manja awiri n'kumutchula kuti agha, monga mwana woleredwa bwino atchulira mkulu wake. Pa ayezi anali mphepo. Akatenga kampira kumbuyo kwa golo, ankadutsa anthu atatu iwo asanaganize zochita. Atolankhani anali atayamba kale kulemba kuti pomatha zaka ziwiri mwanayu adzakhala mu timu ya dziko.

Vuto linaoneka pa masewero oyamba omwe. Wotchinga kumbuyo akaona adani akubwera, amatsetsereka chafutambuyo maso ali pa iwo, n'kumawachepetsera njira mpaka anzake afike. Izi ngakhale mwana wa zaka khumi amazidziwa. Koma Sanzhar ankawathamangira. Akalanda kampira, bwalo lonse linkaimirira ndi kukuwa. Akaphonya, ankatsala kutali uko, Kuanysh n'kukhala yekha pamaso pa adani awiri. Pa masewero atatu timu inagoletsedwa zigoli zisanu mwa njira yomweyo, ndipo nthawi zonse munthu amene ochemerera ankamuona ali chigonere pafupi ndi golo anali Kuanysh.

"Mdala, kapume," wina anakuwa kuchokera pamwamba. "Adzukulu akukudikira."

Atakhala pa benchi, Kuanysh anamukoka mwanayo malaya.

"Iwe, malo ako ndi ati?"

"Kumanja, agha."

"Nanga pakati pa bwalo unataya chiyani?"

"Ndinaona ngati ndikafika msanga."

"Usamaone. Uzibwerera."

"Ndamva, agha."

Patangopita mphindi zitatu anachitanso zomwezo. Kuanysh anamulankhula mofatsa, anamukalipira, anamujambulira pa pepala, tsiku lina mpaka anasanja makapu a tiyi patebulo kuti akhale adani. Sanzhar ankagwedeza mutu, maso ali tcheru, n'kunena kuti wamva. Akanakhala wamwano bwenzi zikumveka. Koma ungatani naye munthu amene akuvomera chilichonse, akukunyamulira chikwama, kenako n'kukusiya pamoto?

Kumapeto kwa Novembala zinamukwana. Analowa mu ofesi osagogoda.

"Tisiyanitseni. Mwana ameneyu andipha."

A Vadim Arkadyevich anavula magalasi. "Chabwino. Wa phazi uja wachira, Lachisanu akusewera. Mukhala asanu ndi awiri, ndiye mmodzi ayenera kuonerera. Ndimasowa kuti ndikuuza bwanji, koma poti wabwera wekha."

"Ine? Wolakwa ndi iye, wokhala panja ndi ine?"

"Iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu patsogolo pake. Iwe uli ndi zingati?"

Lachisanu limenelo Kuanysh anakhala pamipando ya ochemerera atavala chijasi, mphuno ili bii. Pambali pake panali mkazi wake, Raushan, akutafuna njere za mpendadzuwa. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Raushan ankabwera kudzaona ngati mwamuna wake atuluke ndi mano onse, basi. Za malamulo a masewerowo analibe nazo ntchito.

Chigawo chachiwiri chili mkati, Raushan anamugunda ndi chigongono.

"Mwana wanu uja bwanji amatembenuka ngati basi? Mnzake wamudutsa uku, iye akuzungulira uko."

"Taonerera mwakachetechete, mayi."

Koma anayamba kuyang'anitsitsa. Kuchokera pamwambapo zinthu zinkaoneka mosiyana ndi pa ayezi. Mdani akamudutsa Sanzhar cha kumpanda, kumanja kwake, mwanayo sankatembenukira komweko. Ankazungulira kumanzere, njira yaitali, kumupatsa mdani msana, kenako n'kumuthamangitsa ndi liwiro lake lija. Kuanysh anawerenga. Kasanu ndi kamodzi, ndipo konseko kumanzere.

Mawa lake m'mawa, anzawo atatuluka pa ayezi, anamuimitsa.

"Bwerera chafutambuyo. Ndikaomba ndodo, utembenukire kumanja."

Sanzhar anayang'ana pansi. "Agha, basi ya kwathu imanyamuka..."

"Bwerera."

Anabwerera. Ndodo italira, miyendo yake yaitali ija inapiringizana, nsapato inakola inzake, ndipo mwana amene atolankhani ankamuimbira nyimbo anagwa chagada, phi. Anayesanso, anagwanso. Kachitatu sanagwe, koma anachita kuima kaye ngati ng'ombe yofika pamlatho.

"Zinayamba liti?"

"Kuyambira kale, agha. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinabinya bondo ili. Litapola ndinazolowera mbali inayo. Kwa achinyamata palibe amene ankandiposa liwiro, ndiye ndinkangowapeza."

"Ndiye n'chifukwa chake umawathamangira, kuti asakukakamize kutembenuka."

"Eya."

"Zaka khumi. Aphunzitsi angati akuona?"

"Anayi."

"Ndipo mwezi wathunthu ndakhala ndikusanja makapu ngati wamisala, iwe uli ndamva agha, ndamva agha. Pakamwa unalibe?"

"Akanandibweza kwa achinyamata. Kumeneko kuli ena atatu akudikira malo anga."

Kuanysh anapita nayo nkhaniyo kwa mphunzitsi. Mumtima ankadziwa kuti ikhoza kumubwezera malo ake, ndipo sanadzinamize kuti sakuwafuna. A Vadim Arkadyevich anamvetsera akutafuna cholembera.

"Masewero tili nawo masiku awiri alionse. Nthawi yophunzitsa munthu kuyenda ndilibe. Tidzaziona m'chilimwe."

"Pofika m'chilimwe ligi yonse idzakhala itadziwa. Mkazi wanga waona, ndiye a ku Karaganda alephera?"

"Ngakhale akuzungulira njira yaitali, amafikabe msanga kuposa iwe. Tseka chitseko potuluka."

Anatuluka mtima uli phuu. Malo sanawapeze, ndipo mwanayo anali woti akhalabe wopunduka. Anauza Raushan kuti zake zatha, aliyense adzionere yekha. Koma Lolemba, dzuwa lisanatuluke, anali akuliza hutala kunja kwa nyumba imene ankagona achinyamata.

Anamutengera kwa a Lidiya Stepanovna, mayi wachikulire amene ankaphunzitsa tiatsikana ta zaka zisanu ndi chimodzi kuvina pa ayezi, pa kabwalo kakang'ono kuseri kwa bwalo lalikulu. Mayiwo anamuyang'ana Sanzhar kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngamila iyi mwandibweretsera ndiitani?"

"Iphunzire kutembenukira kumanja," anatero Kuanysh.

"Ndodo asiye panja. Aime kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa wa riboni yofiirayo."

Sanzhar anachita manyazi mpaka makutu kufiira. "Agha, anzanga akamva..."

"Amva kale. Ndawauza ndine. Ima pa mzere."

Kwa masabata asanu ndi limodzi ankabwera m'mawa uliwonse. Tiatsikana tinkazungulira mopepuka ngati masamba, ngamila ikugwa pambuyo pawo. Kena kanafika pomugwira dzanja n'kumulangiza kuti asamayang'ane mapazi. Tsiku lina Kuanysh, atatopa ndi kuonerera, analowa kuti asonyeze mmene zimakhalira.

"Inunso mapewa amatsalira," anatero a Lidiya Stepanovna. "Zaka zonsezi amakulipirani ndi matembenukidwe amenewo? Imani kumbuyo kwa mnzanuyo."

Anaima. Akanatani, ana onse akumuyang'ana?

Choipa n'chakuti pa masewero zinthu zinayamba zaipiraipira. Kale Sanzhar ankalakwa molimba mtima. Tsopano ankaganiza. Mdani akamabwera, mwanayo ankaoneka kuti akuwerenga mapazi ake, ndipo ankadutsidwa kumanja ndi kumanzere komwe. Atolankhani anasintha nyimbo. A Vadim Arkadyevich anamupeza Kuanysh m'khonde.

"Ndinakupatsa galimoto yothamanga, iwe wandibwezera ngolo. Ndani anakutuma?"

"Munati ndimulere."

"Ndinati umulere, osati umuphwasule."

Kuanysh anangokweza manja. Kunyumba Raushan anasiya kumufunsa kuti zayenda bwanji, ankangomuthirira tiyi n'kuchotsa ana pabalaza.

Mu Januwale chimfine chinalowa mu timu. Tsiku lopita ku Karaganda otchinga kumbuyo atatu anali chigonere, thupi lili moto. Anatsala anayi, kuwerengera Kuanysh yemwe. Mphunzitsi anapempha awiri kwa achinyamata, koma anali atapita ku mpikisano wawo kutali.

"Wasowa pothawira, mdala," anatero a Vadim Arkadyevich. "Ukusewera, ndipo ukusewera ndi mwana wakoyo. Muzilowa mphindi iliyonse yachiwiri. Usandifere pa ayezi, mapepala ake ndi ambiri."

Pofika chigawo chachitatu, chomwe ndi chomaliza, zigoli zinali ziwiri kwa ziwiri, ndipo Kuanysh sankaimvanso miyendo yake. A ku Karaganda anali atadziwadi. Kampira kalikonse ankakatumiza kumbali ya Sanzhar, cha kumpanda. Kutatsala mphindi zinayi, wosewera kutsogolo wawo wothamanga kwambiri anabwera ndi liwiro lonse, mnzake ali pakati. Kuanysh anatseka wapakatiyo, diso lina lili kumanja.

Sanzhar sanathamangire munthu. Anabwerera chafutambuyo, anadikira, ndipo mdaniyo atapatukira kumpanda, mwanayo anatembenukira kumanja. Sikunali kutembenuka kokongola. A Lidiya Stepanovna akanamubweza kumapeto kwa mzere. Koma anatembenuka, anamufinyira munthuyo kumpanda mpaka magalasi a pampandapo kunjenjemera, n'kutuluka ndi kampira pa ndodo.

Kuanysh anamva chinthu chofunda pachifuwa. Anatsegula pakamwa kuti amuuze aponyere kampirako kutali, cha kumpanda, monga achitira munthu aliyense wanzeru. Sanathe n'komwe. Sanzhar, nkhope ili mwee ndi chimwemwe, anakakankha kudutsa pakati penipeni, patsogolo pa golo lake lomwe, kulunjika kwa mnzake amene anali kutali. Kanafikira pa ndodo ya mdani wachitatu amene ankabwera pambuyo. Munthuyo sanachite kufunsa. Zitatu kwa ziwiri, ndipo masewero anatha choncho.

M'chipinda chovalira munali zii. Kuanysh anakhala pansi nsapato asanavule, thukuta likudontha m'ndevu. Sanzhar anabwera pang'onopang'ono n'kukhala pambali pake.

"Agha."

Kuanysh anayamba kumasula zingwe za nsapato.

"Agha, munaona? Ndinatembenuka."

"Ndinaona."

"Kumanja."

"Ndati ndinaona. Ndinaonanso mphatso imene unapereka pambuyo pake. Munthu uja ndi mlamu wako?"

"Ndinaona ngati kadutsa."

Kuanysh anamuyang'ana. Mawu onse amene ankafuna kunena anali oti sangawanene kwa mwana wa mwini. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Kupatsira pakati, patsogolo pa golo lako, kutatsala mphindi zinayi. Zimenezinso aphunzitsi anayi aja sanakuuze?"

"Anandiuza, agha. Koma kwa achinyamata kankadutsa."

"Chotsa nkhope yako pano. Ukandipezere madzi oundana a bondo ili."

Odwala aja atachira, Kuanysh anabwerera kumipando ya ochemerera. Sanzhar anamaliza nyengoyo akusewera mphindi zambiri kuposa wotchinga kumbuyo wina aliyense mu timuyo. Kumanja ankatembenuka kanayi pa kasanu, ndipo atolankhani anabwerera ku nyimbo yawo yakale, akumayamikira a Vadim Arkadyevich chifukwa cha luso lawo lokuza achinyamata. Kuanysh anawerenga nkhaniyo pa foni, anaiwerengeranso Raushan mokweza, kenako anatuluka kukakokolola chipale chofewa pakhomo ngakhale panali pokokolola kale. Timu inatuluka mu ndime yoyamba ya masewero omaliza olimbirana chikho.

Mu Epulo, madzi oundana a mumtsinje atasungunuka, mphunzitsi anamuitananso.

"Chaka chamawa ndikufuna otchinga kumbuyo asanu ndi atatu. Zija za ku Karaganda sindikufunanso kuziona. Iwe ukhala wachisanu ndi chitatu. Uzisewera wina akadwala, ndipo m'mawa uliwonse uzikhala ndi Sanzhar. Kupatsira kwake kukundidwalitsa mtima."

"Wachisanu ndi chitatu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mu timu ino, wachisanu ndi chitatu."

"Uganize. Lachiwiri undiyankhe."

Kunyumba anauza Raushan kuti akana. Anati munthu ayenera kudzilemekeza, mawondo atha, ndipo mlamu wake wakhala akumuitana kuti akagulitse naye matayala. Ananena zimenezi Loweruka, ananenanso Lamlungu pa chakudya, alendo ali pomwepo. Raushan ankangovomera. Lachiwiri m'mawa Kuanysh anavala malaya oyera, anapita ku bwalo, ndipo anasaina akung'ung'udza kuti cholembera cha a Vadim Arkadyevich sichilemba bwino.