Dzina la Mwana wa Tatu

Swadick ankapukuta njinga yake yamoto pansi pa mtengo wa mango pamene Jaffalie anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, chonde! Mkazi wanga Tatu matenda a uchembere amuyamba, ndipo magazi sakuleka. Ku Chowe kuno wakabaza mwatsala nokha."

Swadick anamuyang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pamsika wa Chiponde, pakamwa pomwepa ndi pamene panatuluka mfuu yoti "Wakuba!" Khamu linagwira mng'ono wake wa Swadick, Zubair, amene sanabepo ngakhale singano, n'kumuveka tayala. Jaffalie sankadziwa n'komwe kuti wowotchedwayo anali ndi mkulu wake, ndipo Lachisanu lililonse ankaswali naye mumzikiti umodzi, phewa ndi phewa.

"Tiyeni," anatero Swadick.

Anamukweza Tatu pakati, mayi ake a Tatuyo, a Abiba, atamugwirira kumbuyo. Jaffalie anathamangira kukauza abale. Atafika pamtsetse wopanda nyumba, Swadick anazimitsa injini. Ngakhale iye mwini sanadziwe kuti dzanja lake linaganiza liti zimenezi.

"Yatani, mwanangu?" anafunsa a Abiba.

"Pulagi, amayi. Musadandaule."

Anagwada n'kumasula pulagi yabwinobwino. Anaipukuta, kuiuzira, kuibwezera, kenako kuimasulanso. Dzuwa linali paliwombo. Tatu anagona pachitenje m'mbali mwa msewu, akubuula chapansipansi. Chimene chinamuopsa Swadick n'chakuti mtima wake unali zii, ngati wa munthu amene wamwa madzi atayenda ulendo wautali.

"A Swadick," anatero Tatu, milomo itauma, "pepani, takuvutitsani."

Mawu amenewo ndiwo anamudzidzimutsa. Analiza njinga n'kuthamanga ngati wamisala mpaka kuchipatala ku boma. Koma madzi akatayika saoleka. Mwana anabadwa wamoyo. Tatu sanalione dzuwa likulowa.

Patatha sabata, Jaffalie anabwera ndi tambala kukhwapa, maso ali psuu.

"Apongozi andiuza mmene munavutikira ndi njinga padzuwa paja. Wina akanangowasiya panjira." Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mwanayu tamutcha Swadick."

Swadick anatambasula manja. Tambalayo anamulandira.

Njinga ija anaigulitsa chaka chomwecho n'kuyamba kulima nandolo. Anthu amati ndi chisoni, ndipo amamutama kuti ndi munthu wamtima.

Lero mwanayo ali ndi zaka zinayi, ndipo akuleredwa ndi a Abiba, kuseri kwa mpanda wa Swadick. Ndi mwana wosakhazikika: lero wataya ufa, mawa watsegulira mbuzi. Masana alionse mawu a mayi wokalambayo amadumpha mpanda.

"Swadick! Wachita chiyani iwe?"

Ndipo tsidya lino, Swadick wamkulu amaimirira, khasu lili m'manja, kukamwa kuli yasa, wokonzeka kuyankha.