Matimati a m'Mabeseni

Elinata anakana kulima dimba ku Pembamoyo. Mwamuna wake, Trywell, anali mphunzitsi, ndipo kawiri konse aboma anali atawasamutsa ndiwo zili pafupi kuthyoledwa. Chaka cha 1994 anthu ankanena kuti asamutsidwanso, koma tsiku lake palibe ankalidziwa.

Manja ake sankatha kukhala chete. Anatola mabeseni obooka ndi ndowa zakutha, n'kudzazamo katondo wa kuseri kwa nyumba. Dothilo linauma gwa ngati njerwa, mbewu osatuluka. Anakhuthula. Kachiwiri anasakaniza ndi zitosi za nkhuku zaziwisi, mbande zinamera koma zinapsa zonse.

Trywell anamuuza kuti angodikira kaye mpaka adziwe kumene akupita. M'mawa mwake Elinata analawirira kwa a Fainesi, mayi woweta mbuzi wa mudzi woyandikana ndi sukulu. A Fainesi anamulozera mulu wa manyowa akale, ophwanyika m'manja, osanunkha. Anamuuza kuti awonjezere dothi la pachulu, mchenga wa kumtsinje kuti madzi azidutsa, ndi phulusa pang'ono chabe.

Matimati anakula, mpiru n'kubiriwira. Komabe mtima wa Elinata sunakhazikike. Ankasuntha mabeseni m'mawa kutsata dzuwa, masana kuthawa mbuzi. Galimoto ikalira patali ankaimirira, dothi lili m'manja, mpaka phokoso litazimirira.

Lole inafika matimati atayamba kumene kuchita maluwa. Ankapita ku Zemba. Atakweza bedi, mipando ndi njinga, dalaivala anati malo a mabeseni palibe, ndipo pa msewu umenewo mbewu sizingafike zamoyo.

Elinata anaima n'kumayang'ana mabeseniwo. Kenaka anazula mitengo ya matimati mosamala, mizu ili ndi dothi lake, n'kuipereka kwa a Fainesi amene anabwera kudzatsazika. Dothi lotsala analikhuthulira m'matumba awiri.

"Mayi a Gift, mukunyamula dothi? Ku Zemba kulibe dothi?" anafunsa Trywell.

"Lilipo, koma silikundidziwa. Ili ndalivutikira."

Dalaivala anang'ung'udza, koma matumbawo anawakankhira pansi pa bedi. Elinata anakhala pamwamba pa katundu, mwana wawo Gift ali pamiyendo. Njira yonse ankasuzumira m'midzi imene ankadutsa, kuyang'ana makomo amene ali ndi khola la mbuzi.